Kwa Mwana Wanga Wopita ku Ndata

Wokondedwa mwana wanga,

Popeza mawa mbandakucha unyamuka ulendo wa ku Thyolo, ku sukulu ya ukachenjede ya sayansi imene inatsegula zitseko zake ku Ndata m'chaka cha 2014, ndiponso popeza pakamwa pa bambo pamauma nthawi yotsazikana ikakwana, ndaona chanzeru kuika papepala mawu amene mtima wanga wasunga, kuti ukawawerenge fumbi la ulendo litakhazikika.

Pamene unatiuza kuti ukaphunzira za kompyuta kuti udzapange maloboti otumikira odwala ndi olumala, ine sindinazizwe ayi, pakuti ndikukumbukira chaka chija agogo ako atagwidwa ndi nthenda yakufa ziwalo, dzanja lawo lamanja litakana ngakhale kutema mbamu, momwe iwe, ukali kamwana ka magalimoto a mawaya, unamangirira sipuni kudzanjalo ndi mphira wa chubu cha njinga, nukhala pamphasa kusunthasuntha mfundo kufikira phala linafika pakamwa osadonthera pachitenje. Analira tsiku lija, pakuti kudyetsedwa ngati khanda kunkawapweteka koposa nthendayo. Nzeru zonse zimene aphunzitsi ako akakupatse zikamangidwe pa mphasa imeneyo.

Ukamve mbiri ya makina otchedwa Pumani, amene akatswiri a ku Rice University ku America anakonza pamodzi ndi madokotala ndi anamwino a pa Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuti ana obadwa masiku asanakwane, amene mapapo awo ali osakhwima, azitha kupuma. Mphepo yake imachokera ku timapampu tonga tija touzira mpweya m'madzi osungiramo nsomba, ndipo mphamvu ya mphepoyo imayezedwa ndi kuya kwa madzi a m'botolo. Chinthu chofatsa chotere, chimene mmisiri wa kwathu angathe kuchitsegula ndi kuchikonza, chapulumutsa makanda amene makina a mtengo wapatali sakanawafikira. Ndanena izi chifukwa pamene ndinkadwazika agogo ako pa chipatala china, ndinaona ndi maso anga makina okongola a mphatso ochokera kutsidya la nyanja atafunditsidwa nsalu pakona, akangaude atamangapo, chifukwa kachitsulo kamodzi kanathyoka ndipo panalibe wodziwa kokagula.

Chomwecho, usanajambule loboti lililonse, uyambe wakhala pansi ndi mwini thupi, umufunse modzichepetsa kumene kukuwawa, njira ya kumjigo ili yotani, magetsi akazima achita bwanji. Pakuti safunsa anadya phula, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Namwino wagwira odwala zaka zambiri umupatse ulemu wonga wa mphunzitsi wako wamkulu. Wolumala usamuyese choyeserapo nzeru zako, pakuti iyenso analengedwa m'chifaniziro chomwecho chimene unalengedwamo iwe, ndipo zimene adzakuululira za thupi lake uzisunge monga chinsinsi chopatulika, ngakhale kompyuta itazifuna chotani.

Amayi ako aika ufa ndi mtedza m'chikwama, ndipo akuti usaleke kupemphera. Agogo akusungabe sipuni ija m'kabasiketi kawo. Patchuthi choyamba ubwere kuno kumudzi, udzayeze dzanja lawo ndi maso ako, pakuti zala ziwiri zayamba kugwedezeka.

Ndine bambo ako wokukonda.