Tomato 17 pamsika wa Mitundu amalembedwa 32

Abale anga a ku Mitundu ndi ku Nathenje, ndikulemba kuchokera kuno ku Johannesburg. Ndabwera ndi masamu, ndipo aphunzitsi munditchere khutu.

Kuno ana amaphunzira ma prime number adakali kupulayimale. Izi ndi nambala zokana kugawidwa ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe: 2, 3, 5, 7, 11, 13. Mwana amapatsidwa pepala la nambala 1 mpaka 100, n'kumafufuta zogawika ndi 2, ndi 3, ndi 5, ndi 7, koma osafufuta 2, 3, 5 ndi 7 eni akewo. Akachotsanso 1, zimatsala 25. Njirayi ndi ya Eratosthenes, Mgiriki wa zaka zoposa 2,200 zapitazo, ndipo ndi yabwino ndithu. Chondidandaulitsa n'chakuti mwana wanga anatulukamo ndi lamulo loloweza: nambala ikathera ndi 2, 4, 6, 8 kapena 0, iwalani, kupatula 2 yemweyo. Chifukwa chake samachidziwa.

Ife kusekondale tinaphunzira number bases, mutu umene sindinauone m'mabuku ake. Tinkatembenuza nambala kupita ku base 5 ndi base 2 kuti tingokhoza mayeso. Palibe anatiuza kuti agogo athu amawerenga motsamira pa zisanu: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zinayi. Inde, akafika pa khumi amayamba makumi, koma maziko alipo kale m'kamwa mwa mwana.

Tengani mayi wa tomato pamsika wa Mitundu. Ali ndi tomato 17, akuunjika asanuasanu. Milu itatu, awiri atsala pathumba. Mu base 5 timalemba 32. Yathera ndi 2, komatu 17 ndi prime. Auzeni aunjike awiriawiri, atatuatatu kapena anayianayi, nthawi zonse patsala wina. Lamulo loloweza lija lafera pomwepo, chifukwa linali la kalembedwe ka makumi basi, osati la tomatoyo.

Mu base 5 muyeso ndi wina. Mulu uliwonse wa asanu mukauika awiriawiri umasiya mmodzi, ndiye mumangophatikiza: 3 wa milu ndi 2 wotsala, 5. Sagawika pawiri, choncho 17 nayenso sagawika pawiri. Mutembenuze 32 akhale 23: milu iwiri ndi atatu otsala, ndiye 13, prime inanso.

Yondisangalatsa kwambiri ndi 31. Mu base 5 imalembedwa 111, kutanthauza 25 ndi 5 ndi 1. Mu base 2, ya makompyuta ija, ndi 11111. Nambala ina yodziwika yolembedwa ndi ma 1 atatu kapena kuposa m'ma base awiri osiyana ndi 8191 yokha, mu base 2 ndi base 90. René Goormaghtigh wa ku Belgium anaganiza mu 1917 kuti ndi ziwiri zomwezi, ndipo mpaka lero palibe watsimikiza.

Pa mabuku, ana a kuno atiposa, izo sindikutsutsa. Koma pa mutu uwu mwana wa ku Nathenje ali patsogolo, bola wina amulumikizire zimene amaona pamsika ndi zapabolodi. Aphunzitsi, phunzitsani ma prime ndi number bases sabata imodzi, ana abwere ndi njere za chimanga m'thumba. Amene muyese, mundilembere zimene ana anene akaona 32.