Tsiku Limene Malume Anandiiwala

Pa tchuthi cha Khrisimasi, nditatsiriza teremu yoyamba ya Fomu 3, ndinafika kumudzi ndi chimwemwe kuti ndikaonetse malume zotsatira za mayeso anga. Iwowa ndiwo ankandilipirira fizi kuno ku seminale chimwalirireni bambo anga. Ndinawapeza ali pakhonde, maso ali achikasu, mimba itatupa. Nditagwada ndi kuwapatsa moni, anandiyang'anitsitsa kwa nthawi nandifunsa kuti, "Kodi inu mwachokera kuti?"

Ndinasowa chonena. Mayi anandinong'oneza kuti kwa masabata awiri malume ankagona usana ndi kumayendayenda usiku, ankasokoneza mayina a ana awo, ndipo tsiku lina anatukwana akuluakulu a mphakati amene anabwera kudzawapempherera. Pamudzi inali itamveka kale kuti alodzedwa, ndipo zala zinkaloza gogo wina wamasiye. Ndivomere pano kuti ngakhale ine, wophunzira za unsembe, ndinayamba kuwayang'ana ndi diso loipa agogowo.

Bambo Mfumu atabwera kudzawadzoza, anakana zoti tizingodikira ndipo anawatengera kuchipatala pa galimoto yawo. Kumeneko dokotala anauza malume kuti atambasule manja, ndipo zikhatho zinkangogwa ndi kudzuka ngati mapiko a nkhuku. Atapima magazi anatiuza kuti gwero la vutoli si mutu ayi, koma chiwindi.

Anatifotokozera motere. Chakudya chikamagayidwa m'matumbo, pamatuluka poizoni wotchedwa amoniya. Chiwindi chabwino chimamusandutsa yureya, amene impso zimataya m'mkodzo. Koma chiwindi cha malume chinali chitauma ndi zipsera chifukwa cha kachilombo ka hepatitis B ndi kachasu wa zaka zambiri. Tsono amoniya uja ankadutsa osasefedwa mpaka kukafika ku ubongo. Maselo a mu ubongo otchedwa astrocytes amamumwa poizoniyu ndipo amafufuma ndi madzi. Nazonso zoipa za mabakiteriya a m'matumbo zimalowa m'magazi ndi kuwonjezera kutupako. Zikatero munthu amaiwalaiwala, amasintha khalidwe, ndipo ena amakomoka osatsitsimukanso. Madokotala amatcha vutoli hepatic encephalopathy. Kudzimbidwa, kutaya magazi m'mimba kapena matenda ena aliwonse zimalikulitsa msanga.

Malume anapatsidwa lactulose, mankhwala otsekemera ofewetsa m'mimba, kuti azipita kuchimbudzi kawiri kapena katatu pa tsiku ndi kutaya amoniyayo. Tsiku lachinayi ananditchula dzina nandifunsa za mayeso. Ndinatuluka panja kukalira.

Chiwindi chawo sichinachirenso, ndipo anatisiya m'nyengo ya Lenti, koma anapita akutidziwa tonse, atalapa ndi kulandira Ukaristia. Maliro atatha ndinapita kwa agogo aja kukapepesa. Sanandikalipire. Anangoti ankadziwa kuti Mulungu adzawayeretsa.

Anzanga, mawa lino ndife amene tidzaitanidwe usiku kwa odwala otere. Tidzapite ndi mafuta oyera, komanso tidzakumbuke njira ya kuchipatala tisanalole kuti wina anamiziridwe ufiti. Inu makolo, katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi muno mu 2002. Musalole mwana wanu kumuphonya. Ndipo pa Misa muziwakumbukirako malume anga.