Raketi Yoyamba Isakhale ya Katswiri

Ntchito yanga ndi yoluka zingwe m'maraketi a badminton. Ndili ndi kamakina kapatebulo kuno ku Blantyre, kokhala ndi zopanira ndiponso mkono wachitsulo wolemera umene umakoka chingwe. Osewera amandibweretsera maraketi awo chingwe chikaduka kapena chikalefuka, ndipo iliyonse imatha pafupifupi ola ili m'manja mwanga. M'ola limenelo raketi sibisa kanthu. Ndimadziwa ngati mutu wake ndi wolimba, ngati pansi pa utoto pali mng'alu, ngakhalenso mbali imene mwini wake amakonda kumenyera. N'chifukwa chake ongoyamba kumene masewerawa amadzera kwa ine asanapite kusitolo, n'kufunsa kuti, "Achimwene, ndigule iti?"

Ambiri amabwera ndi chithunzi pafoni. Kawirikawiri imakhala Yonex Astrox 100 ZZ, imene anadziwika nayo Viktor Axelsen wa ku Denmark, uja anatenga golide pa Olimpiki ku Tokyo ndi ku Paris. Raketi imeneyi ndi yolemera kumutu, ndipo ndodo yake ndi youma gwa. Kuti ndodoyo ipindike n'kubweza mphamvu, pamafunika dzanja laliwiro la munthu amene waphunzira kwa zaka. Kwa woyamba sipindika n'komwe. Kampira ka nthenga kamathera pakati pa bwalo, iye n'kuyamba kukankha ndi phewa lonse, ndipo posakhalitsa chigongono chimayamba kuwawa. Pamenepo walipira ndalama zokwanira maraketi angapo abwino kuti agule chinthu chimene chikumubweza m'mbuyo. Raketi yoyenera munthu woyamba ndi imene imamukhululukira akaphonya pang'ono, ndipo mwamwayi yotereyi ndiyo yotsika mtengo.

Ndikaigwira raketi, diso langa limayamba lapita pamene ndodo imakumana ndi mutu. Pakakhala kachitsulo kooneka ngati T kolumikiza ziwirizo, ndiye kuti mutu ndi wa aluminiyamu ndipo ndodo nthawi zambiri ndi yachitsulo. Amenewa ndi maraketi aja amagulitsidwa awiriawiri m'thumba limodzi. Kwa ana osewera panja pa nyumba madzulo ndi okwanira, ndipo sindiwanyoza, chifukwa ambiri a ife tinayambira pomwepo. Koma amalemera, ndiponso pamakina panga mutu wake umayamba kupotoka chingwe chisanafike pothina bwino. Amene akufuna kusewera mlungu ndi mlungu m'holo agule ya graphite yokhayokha, yopanda cholumikizira choonekera. Makampani odziwika monga Yonex ya ku Japan, Victor ya ku Taiwan, Li-Ning ya ku China ndi Apacs ya ku Malaysia onse ali ndi maraketi a graphite a mtengo wapansi, opangidwira anthu ophunzira.

Kenako werengani zilembo zimene zili chakumtunda kwa chigwiriro, monga 4U G5. Chilembo cha U chimanena za kulemera kwa raketi zingwe zisanalowe: 3U ndi magalamu 85 mpaka 89, 4U ndi 80 mpaka 84, ndipo 5U ndi 75 mpaka 79. Nambala ikamakwera, raketi ikupepuka. Kwa akuluakulu ambiri 4U imakhala bwino. Mwana kapena munthu wa dzanja lofewa angatenge 5U. Chilembo cha G ndi kukula kwa chigwiriro, ndipo pa Yonex G5 ndi yaing'ono kuposa G4. Mukakayika, tengani yaing'ono, popeza chigwiriro chowonda tingachinenepetse pochikulunga, koma chonenepa sitingachisende.

Zinthu zina ziwiri mungaziyeze nokha muli m'sitolo momwemo. Gonekani ndodo pachala chimodzi mpaka raketi ileke kupendekera uku kapena uku. Malo amenewo akakhala pakati pa mamilimita 285 ndi 295 kuchokera kunsi kwa chigwiriro, raketiyo ndi yapakatikati, ndipo ndiyo ndimalangiza. Yolemera kumutu imamenya mwamphamvu koma imachedwa poteteza, pamene yopepuka kumutu ndi yachangu koma imafuna kuti mphamvu mupereke nokha. Munthu amene sanadziwebe kaseweredwe kake asadzimange msanga kumbali imodzi. Chachiwiri, gwirani chigwiriro ndi nsonga ya mutu, n'kupinda pang'ono chabe. Ndodo imene ikuvomera mosavuta ndiyo idzakuthandizani kufikitsa kampira kumbuyo kwa bwalo.

Tsopano ndifike pa zingwe, pamene pali mtima wanga. Anthu amaiwala kuti chimene chimakhudza kampira ndi chingwe, osati dzina lolembedwa pandodo. Raketi imodzi imadya mamita 10 a chingwe. Ndimayamba ndi zingwe 22 zoimirira, kuchokera pakati kupita kunja, kumanzere kamodzi kumanja kamodzi, kuti mutu usakokedwere mbali imodzi. Chingwe chilichonse ndimachilowetsa m'kapaipi kapulasitiki ka m'bowo, n'kutsitsa mkono wa makina mpaka utagona mowongoka, n'kupana. Kenako zimabwera zopingasa, pamwamba, pansi, pamwamba, pansi, ndikuzikankha ndi nsonga za zala kuti zisapsetsane. Ndikamanga mfundo yomaliza ndimamenya raketi pachikhatho n'kumvetsera. Yolukidwa bwino imalira mawu amodzi oyera. Ikalira mosokosera ndimadziwa kuti kapaipi kena kang'ambika kapena chingwe china chatsalira.

Kuthina kwa zingwe timakuyeza m'mapaundi. Akatswiri amathinitsa mpaka 28, ena kupitirira 30, chifukwa iwo amamenya pakati penipeni nthawi zonse ndipo amafuna kampira kapite pamene alozapo. Mnyamata wina wa kusekondale anabwera ndi bambo ake, akufuna 28 paraketi yake yatsopano. Ndinawaonetsa bambowo timanambala tolembedwa paraketipo, tonena malire a kuthina kumene mutuwo ungapirire, ndipo 28 inali kunja kwa malirewo. Ndinati, "Bambo, mundilole ndimuikire 20. Akasewera miyezi ingapo abwere, tidzakweza pang'ono." Anavomera. Zingwe zofewerapo zimalandira kampira n'kukabweza zokha, ndipo malo abwino omenyera amakhala otambalala. Zothina kwambiri zimachepetsa malowo, zimagwedeza dzanja munthu akaphonya, ndiponso zimaduka msanga kampira kakagunda pafupi ndi m'mphepete. Kwa woyamba aliyense ndimaika pakati pa 18 ndi 22, ndi chingwe chonenepa ngati Yonex BG65 cha mamilimita 0.70. Zowonda za 0.65 zimalira mokoma, koma sizichedwa kuduka, ndipo kuduka kulikonse ndi ndalama.

Pa nkhani ya mtengo pali misampha iwiri. Woyamba ndi maraketi achinyengo. Mukaona raketi yolembedwa dzina la mtundu wapamwamba ikugulitsidwa pamtengo wa malaya, musadzione ngati mwatola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Utoto umakhala wonyezimira, koma zilembo zimakhala zosalongosoka, timapaipi touma ndi tothetheka, ndipo ndikaiika pamakina mutu umaphwanyika pa kuthina kumene raketi yeniyeni yotchipa imapirira popanda vuto. Bola yeniyeni ya mtengo wapansi kusiyana ndi yabodza ya dzina lalikulu. Msampha wachiwiri uli pakaunjika. Kumeneko kumapezeka maraketi abwino zedi, koma yendetsani chikhadabo kuzungulira mutu wonse, makamaka m'mapewa mwake chakumtunda, pamene maraketi amawombana posewera awiriawiri. Utoto wosupuka si vuto. Chikhadabo chikakodwa mumng'alu, isiyeni, chifukwa graphite ikang'aluka imavuta kulumikiza, ndipo ingathyoke tsiku loyamba kulukidwa.

Ndalama zimene mwapulumutsa zili ndi kopita. Gulani nsapato zogwira pansi, zakulunga pachigwiriro zosinthira chikanyowa ndi thukuta, ndi timipira. Ta nthenga zenizeni tili ndi nthenga 16 ndipo timauluka bwino kwambiri, koma m'manja mwa ophunzira sititha nthawi. Ta nayiloni ngati Yonex Mavis 350 timakhalitsa. Timabwera ndi mzere wobiriwira, wabuluu kapena wofiira, kutanthauza tochedwa, tapakati ndi tothamanga. Blantyre ndi Lilongwe zili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo kumalo okwera ndi otentha mpweya umapepuka, kampira n'kumapitirira mzere wa bwalo. Kwathu kuno, makamaka mu Okutobala, wobiriwira ndiwo umakhala bwino.

Mukagula, isamaleni. Musaisiye m'galimoto padzuwa, chifukwa kutentha kumalefula zingwe ndi kufooketsa mutu. Chingwe chimodzi chikaduka, dulani zonse tsiku lomwelo kuyambira pakati, kuti zotsalazo zisapotoze mutu pokoka mbali imodzi.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri pantchitoyi ndi kuona munthu akubwera kachiwiri ndi raketi yake yotchipa, zingwe zitasosoka pakati penipeni osati m'mphepete. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti dzanja laphunzira. Pamenepo ndimakweza paundi imodzi kapena mapaundi awiri, ndipo akadzafuna raketi yachiwiri sadzafunikanso kundifunsa, chifukwa adzakhala akudziwa yekha chimene dzanja lake likufuna.