Kodi Mwana wa ku Maramba Angaloŵe Sukulu Yapamwamba ya Zamalonda?

Kodi munaonapo zilembo zitatu izi, MBA, zitalembedwa kumapeto kwa dzina la munthu? Imeneyi ndi digiri yachiŵiri ya kayendetsedwe ka malonda. Yunivesite ya Harvard ku America ndiyo inayambitsa maphunziro ameneŵa mu 1908, pamene mlatho wathu wa pa Mosi-oa-Tunya unali ndi zaka zitatu zokha. Lerolino achichepere a m'maiko onse amalimbirana malo oŵerengeka m'sukulu zoterozo. Ndakulemberani chifukwa angapo a inu mwakhala mukundifunsa za nkhaniyi tikatuluka m'tchalitchi, ndipo mayankho a pakhomo la tchalitchi amakhala aafupi, popeza aliyense amakhala akuganiza za nsima.

Ena anapitako kale. Dambisa Moyo, wobadwira ku Lusaka mu 1969, anatenga MBA pa American University ku Washington, nadzagwira ntchito ku World Bank ndi ku Goldman Sachs. A Hakainde Hichilema, mwana wa ku Monze m'chigawo chathu chomwe chino, anatenga yawo ku Birmingham zaka zambiri asanasankhidwe kukhala Pulezidenti mu 2021. Chotero khomo lilipo. Komano nlopapatiza, ndipo ambiri amagogodapo nthaŵi isanakwane.

MBA si ya munthu amene wangomaliza Giledi 12 pa Hillcrest kapena pa Linda. Imafuna digiri yoyamba, ndiyeno zaka zogwira ntchito, kaŵirikaŵiri zitatu kapena kuposapo. Ine ndakhala zaka zambiri ndikuŵerengera ndalama m'mahotela a m'tauni muno, ndipo ndaona kuti achinyamata ambiri amayesa zaka zimenezi kukhala zongodikirira. Iyayi! Zaka zimenezi ndizo katundu amene mudzapita naye kumsika. Ngati muli pa ntchito yolandira alendo, pemphani kuti akuloleni kukhudzako mabuku a ndalama. Ngati gulu lanu la achinyamata lifuna msungichuma, musathaŵe. Lembani penapake zimene munachita ndi manambala ake, chifukwa pambuyo pa zaka zinayi mudzakhala mutaiŵala.

Tsono pali mayeso otchedwa GMAT, amene sukulu zambiri zimafuna. Anasinthidwa mu November 2023, ndipo tsopano amatenga maola aŵiri ndi mphindi 15. Ali ndi mbali zitatu za mphindi 45 iliyonse: mafunso 21 a masamu, 23 a kumvetsa Chingelezi cholembedwa, ndi 20 a kuŵerenga ma tebulo ndi zithunzi za manambala. Malikisi amayambira pa 205 kufika pa 805, ndipo amagwira ntchito zaka zisanu. Masamu ake si oposa a kusekondale, koma m'mbali ya masamuyo simuloledwa kalikuleta, ndipo funso lililonse lili ndi mphindi ziŵiri zokha. Apa mpamene chizoloŵezi chathu choloŵeza manotsi a aphunzitsi chimatigwetsa. Mayeso ameneŵa safunsa zimene munaloŵeza. Amafuna kuona ngati mungapeze pamene mfundo ya wina yabooka. Eni ake a mayesowo amapereka mayeso aŵiri oyeserera kwaulere pa intaneti. Lembani amodzi musanagule buku lililonse, kuti mudziŵe pamene mwaima.

Mungathe kulemba GMAT muli kunyumba, pa kompyuta yokhala ndi kamera. Koma aliyense amene anali m'Dambwa kapena m'Libuyu mu 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, adziŵa kuti nkhani imeneyi njofunika kuikonzekera bwino. Mayesowo amadya madola pafupifupi 300. Chaka chomwecho dola imodzi inaposa K25. Ŵerengerani nokha.

Chimene ndifuna kukhalitsapo ndi nkhani imene mudzalemba yonena za inu mwini. Sukulu iliyonse imafunsa, m'mawu osiyanasiyana, kuti ndinu yani ndipo mufuniranji digiri imeneyi. Nkhani zambiri zimene achinyamata andionetsa zimayamba ndi umphaŵi: kuyenda wopanda nsapato, kugona ndi njala. Sindikunena kuti nzabodza. Koma woŵerengayo ali ndi mulu wa makalata ochokera ku India, ku Nigeria, ku Brazil, ndipo chisoni chokha sichimsonyeza kuti mudzanena chiyani m'kalasi mnzanu wa ku Shanghai akakutsutsani. Iye afuna kumva chimene inu mudziŵa chimene enawo sadziŵa.

Ndipo inu a mu Livingstone mudziŵa zambiri. Munaona chimene chimachitikira tauni yodalira malonda amodzi okha, pamene Covid inatseka malire mu 2020, mahotela nkuchotsa antchito, ogulitsa ziboliboli pa Mukuni Park nkumakhala tsiku lonse osagulitsa ngakhale kanjovu kamodzi. Mudziŵa mmene amalonda a njinga amawolotsera katundu pamlatho kupita ku Zimbabwe, akumaŵerengera m'mutu mitengo ya ndalama zamitundu iŵiri kapena itatu. Munaona mizere ya magalimoto a katundu imene inkadikira pantoni pa Kazungula masiku ambiri, mlatho watsopano usanatsegulidwe mu May 2021. Wophunzira wa ku London amaŵerenga zoterezi m'buku. Lembani chinthu chimodzi chimene munachita inuyo mkati mwa zimenezi, chimene chinasintha, ndi kuchuluka kwake. Ndipo lembani nokha. Nkhani yogula, kapena yolembedwa ndi makina, imaonekera pa tsiku la intavyu, pamene akufunsani za chiganizo chimene simuchikumbukira.

Za makalata okuchitirani umboni ndinene mosabisa. Abusa amakudziŵani, amakukondani, koma kalata yawo si imene ifunidwa pano. Ngakhale ya phungu wa Nyumba ya Malamulo amene anakuonani kamodzi siithandiza. Sukulu zimafuna bwana amene amakuyang'anirani tsiku ndi tsiku, amene angatchule ntchito yeniyeni imene munaigwira. Ine ndinalembapo makalata otere, ndipo osavuta kulemba anali a aja amene anandiuza kudakali miyezi iŵiri, nandikumbutsa zimene tinagwirira pamodzi.

Nanga mupite kuti? Si onse ayenera kuwoloka nyanja. Ku South Africa kuli GIBS mu Johannesburg, ndi Graduate School of Business ya Yunivesite ya Cape Town, imene ili m'nyumba zomwe kale zinali ndende ya Breakwater. Kumeneko digiri yanu ya kuno iyenera kuyamba yapimidwa ndi bungwe la SAQA, ndipo zimenezi zimatenga nthaŵi. Kuno kwathu UNZA ndi Copperbelt University zimaphunzitsanso MBA, ndipo kwa munthu amene afuna kukulitsa bizinesi ya m'Zambia momwe muno, ine ndiona kuti anzake a m'kalasi a ku Kitwe angamthandize kuposa a ku Boston.

Ndalama ndiyo nkhani yoŵaŵa. Thandizo la Chevening la boma la Britain limafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka ziŵiri, ndi kuti mubwerere kwanu kwa zaka ziŵiri mukamaliza; ndiponso pa MBA lili ndi malire a fizi imene lingalipire, yotsalayo njanu. Funsani chiŵerengero chonse, ndi lendi yomwe, musanauze achibale kuti mwasankhidwa. Ng'ombe za atate ku Kalomo zikagulitsidwa sizibwerera msanga, ndipo kaloba sadziŵa kuti muli pasukulu.

Sukulu zambiri za ku America zimalandira makalata m'magulu atatu, mu September, mu January ndi cha mu April. Wochokera kunja alinge gulu loyamba kapena lachiŵiri, chifukwa pofika lachitatu malo ndi ndalama zothandizira zimakhala zitachepa, ndipo visa nayo imafuna masabata ake. Chotero ngati mulinga September, GMAT ikhale italembedwa pofika June, ndipo pepala la malikisi anu onse a kuyunivesite mukalipemphe mvula isanathe.