Kansomba ka m'zithaphwi za ku Likangala kali ndi dzina, koma lathu lili kuti?

Mukafunsa munthu wa ku Chilwa kuti m'nyanjamo muli nsomba zanji, akuwerengerani zitatu osapumira: matemba, makumba ndi milamba. Sanama. Zitatuzi ndi zimene zimadzaza madengu pa doko la Kachulu, ndipo ndi zimene amayi amayanika n'kukagulitsa ku Zomba ndi ku Limbe. Koma mwaona kuti mayinawa akutsata msika? Nsomba yopanda mtengo kawirikawiri imakhalanso yopanda dzina. Ine ndikuona kuti nkhani imeneyi ife ophunzira za zilankhulo ndi mbiri sitiyenera kuwasiyira a sayansi okha.

Kumayiko ena kuli anthu oweta nsomba m'matanki agalasi m'nyumba zawo, ena mpaka m'madzi amchere ngati a kunyanja zazikulu. Tinsomba timene timawazunguza mutu ndi totchedwa goby, popeza mitundu yake ndi yoposa 2,000 ndipo yambiri ndi yofanana. Munthu akapeza kamodzi kosadziwika m'thanki mwake, amakajambula, amawerenga minga ya m'zipsepse, amayang'ana mawanga, mpaka atapeza dzina. Sikuti ndi chibwana. Dzinalo ndi limene limamuuza chimene kansombako kamadya, msinkhu umene kadzafike, ndiponso ngati kangakhale ndi tinzake popanda kulumana. Wosadziwa dzina amakapha ngakhale amakakonda.

Funso lotereli linandipeza kwathu ku Likangala mu Febuluwale. Mng'ono wanga anabwera ndi chigubu chodula pakati, muli tinsomba tinayi timene anatola m'chithaphwi kuseri kwa minda ya mpunga. Kutalika kwake ngati chala chaching'ono. Tiwiri tinali totuwa, tosapatsa chidwi. Tiwiri tinato tinali ndi mamba obiriwira okhala ndi m'mphepete mofiira, mchira wofiira kuti psuu. Ndinatumiza chithunzi pa WhatsApp kwa mnzanga wina, iye n'kuganiza za goby, poti madzi a Chilwa ndi amchere pang'ono chifukwa nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi.

Kuganiza n'kosavuta, koma nsomba imadziwika ndi thupi lake. Goby amakhala ndi zipsepse ziwiri pamsana, ndipo mwa ambiri zipsepse za kumimba zimalumikizana n'kupanga kambale komatira pamwala. Tathuti tinali ndi chipsepse chimodzi chokha, chakumbuyo kufupi ndi mchira, ndipo kambale panalibe. Matemba ali ndi tindevu pakamwa komanso mchira wamphanda. Iti ndevu tinalibe, mchira unali wozungulira, kamwa loloza kumwamba ngati la nsomba yodyera pamwamba pa madzi. Nditawaonetsa agogo aamuna, amene apalasa bwato pa Chilwa moyo wawo wonse, anati: "Mdzukulu wanga, timeneto timagwa ndi mvula. Chithaphwi chija mu Okutobala chinali fumbi lokhalokha, nanga tikanachokera kuti?"

Zizindikiro zonsezi zikuloza nsomba imene mabuku amaitcha Nothobranchius kirki. Chodabwitsa n'chakuti mbiri ya dzinali inayambira kwathu komwe kuno. Mu 1969 katswiri wa nsomba wa ku South Africa, Rex Jubb, anailemba koyamba ngati mtundu watsopano, pogwiritsa ntchito nsomba zimene R. G. Kirk, wofufuza za nsomba m'boma la Malawi, anatola m'dziwe lina pafupi ndi mtsinje wa Likangala. Dzina lakuti kirki likukumbutsa Kirk ameneyo. Tofiira tija ndi tatimuna, totuwa ndi tatikazi.

Agogo anaona bwino nthawi yake, kungoti chinsinsi chili pansi, osati kumwamba. Nsombazi zimaikira mazira m'matope. Chithaphwi chikauma makolo onse amafa, koma mazira amagona m'dothi chilimwe chonse, mwana ali m'kati atasiya kukula. Mvula ikadzaza chithaphwi amaswa, tiana timakula msanga podya tizilombo ta m'madzi monga mphutsi za udzudzu, ndipo pakangotha masabata ochepa nato timayamba kuikira. Moyo wonse umatha m'dzinja limodzi. Mbale wake, Nothobranchius furzeri wa ku Gonarezhou ku Zimbabwe, amene Jubb yemweyo anamulemba mu 1971, lero akuwetedwa m'malo ofufuzira ku Ulaya ndi ku America pofuna kumvetsa ukalamba, chifukwa amakalamba m'miyezi yochepa. Oweta nsomba zokongoletsa nawonso amatumizirana mazira a nsomba za mtunduwu pa positi.

Kodi dzina lenileni lili ndi phindu lanji kwa ife? Taonani izi. Kwa zaka zambiri nsomba zofanana nazo za m'chigawo chapakati, cha ku Salima, zinkawerengedwa ngati kirki yemweyo. Mu 2013 ofufuza anayi, mmodzi mwa iwo Mmalawi Enoch Ng'oma, anaonetsa kuti ndi mtundu wina, n'kuutcha Nothobranchius wattersi. Tanthauzo lake n'lakuti kwawo kwa kirki ndi kochepa kuposa mmene anthu ankaganizira: madambo ozungulira Chilwa ndi Chiuta. Tikamutaya kuno, sitikamutenganso ku Salima.

Ndipo kumutaya n'kosavuta. Chilwa inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka bwalo la ming'alu. Matemba, makumba ndi milamba zimapulumukira m'maiwe akuya a mitsinje ngati Likangala, Domasi ndi Phalombe, madzi akabwerera n'kudzazanso nyanja. Aliyense amamvetsa chifukwa chotetezera maiwe amenewo, pakuti muli ndiwo ndi ndalama. Koma chithaphwi ndani angachiteteze? Chimagaulidwa kukhala munda wa mpunga, kapena dothi lake limaumbidwa njerwa, mazira n'kupsera mu uvuni. Wolimayo sindikumuimba mlandu, akufuna kudyetsa ana. Ndikungonena kuti munthu sangasiyire malo chinthu chimene sanachitchulepo.

Anzanga ena m'kalasi amati mayina a Chilatini ndi zotsalira za atsamunda, tingowataya. Ine sindigwirizana nazo. Dzina la Chilatini limathandiza kuti wa ku Zomba ndi wa ku Germany adziwe kuti akukamba nsomba imodzi, ndipo popanda ilo kusiyana kwa kirki ndi wattersi sikukanalembedwa. Chondiwawa ine n'chakuti mbali yathu ya kaundula ili mbee. Asodzi a ku Chilwa amalankhula Chinyanja, Chiyao ndi Chilomwe, ndipo amadziwa mwezi, malo ndi khalidwe la zamoyo zambiri zimene sizifika pamsika. Nzeru zimenezo zikupita kumanda limodzi ndi eni ake.

Ntchitoyi ndi yathu. Yunivesite ya Malawi ili mu Zomba momwe mtsinje wa Likangala umadutsa. Inafufuzapo kale za nyanjayi, mpaka buku lalikulu lonena za Chilwa linatuluka mu 1979 motsogozedwa ndi Margaret Kalk ndi anzake. Ilinso ndi Centre for Language Studies, imene inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Chotsala ndi kulumikiza ziwirizi. Wophunzira aliyense wopita kumudzi m'dzinja ali ndi foni. Jambulani kansombako cham'mbali kuti zipsepse zioneke, lembani malo ndi tsiku, funsani akuluakulu atatu kuti amakatcha chiyani ndipo m'chilankhulo chanji, kenako kabwezereni m'chithaphwi momwe munakatenga. Pofika Meyi madzi adzakhala akuphwa, ndipo mpata wina ndi wa chaka chamawa, ngati chithaphwicho chidzakhalepobe.