Linki ya m'buku siikonzeka

Ntchito yanga ndi yosanja mabuku asanapite ku makina osindikizira. Ndimaigwirira kwathu kuno kwa Nsamala, ku Balaka, komwe zosindikiza si zachilendo chifukwa a Montfort Media, eni ake a magazini ya The Lamp ndi nyuzipepala ya Mkwaso, ali pompano. Amene amandibweretsera zolemba zawo ndi aphunzitsi, azibusa ndi mabungwe ofuna kutulutsa malipoti.

Masiku ano pafupifupi wolemba aliyense amaika maadiresi a pa intaneti m'munsi mwa tsamba monga umboni wa zomwe akunena. Vuto ndi loti inki ikangouma, adiresiyo siisinthikanso, pomwe tsamba lomwe ikuloza limatha kusowa mawa lomwe. Pulojekiti ikatha, palibe wolipiranso dzina la webusaiti chaka ndi chaka, basi yatseka. Ena amakonzanso webusaiti yawo nkusuntha zonse, wowerenga nkungokumana ndi uthenga wa 404 woti tsambalo silikupezeka. Bungwe la Pew Research Center lidapeza mu 2024 kuti pa masamba 100 aliwonse omwe adalipo mu 2013, 38 sankapezekanso patatha zaka khumi. Buku losindikizidwa m'dziko muno lamulo limati kope lake likasungidwe ku National Archives ku Zomba. Pepalalo lidzakhalapo, koma umboni womwe likuloza udzakhala utapita.

Choncho ndisanayambe kusanja, ndimatsegula linki iliyonse, ngakhale bandulo ithe. Ikatseguka, ndimaitengera ku Wayback Machine, nkhokwe ya Internet Archive yomwe idatsegulidwira anthu onse mu 2001, nkudina Save Page Now. Tsambalo limajambulidwa momwe lilili tsiku limenelo, ndipo m'buku ndimaika adiresi yoyamba, ya m'nkhokwe, ndi tsiku lomwe tidaliona. Ikakhala nkhani ya kafukufuku, monga ya mu Malawi Medical Journal, ndimafuna nambala yake ya DOI, yoyamba ndi 10, chifukwa imalondola nkhaniyo ngakhale itasamuka.

Linki zina zimafera m'manja mwa ife osanja. Adiresi ikatalika nkusefukira mu mzere wachiwiri, kompyuta imakonda kuikapo kamzere kodulira mawu. Wowerenga amakopera kamzereko, tsamba osatseguka. Ine ndimadula ndekha, pa kamzere kopendeka (/) ka mu adiresimo, osaonjezerapo kanthu. Mpumiro wa chiganizo sindiugundanitsa ndi adiresi. Ndimasankhanso zilembo zomwe 1 safanana ndi l, ndipo 0 safanana ndi O. Pomaliza ndimasindikiza tsamba loyeserera nkupatsa mwana wa sukulu kuti alembe adiresiyo pa foni. Ikamukanika iye, ikanikanso ena.

Olemba ena amadandaula kuti zonsezi zikuchedwetsa buku. Ndimawauza kuti, "Bambo, dzina la wolemba, mutu wa nkhani ndi chaka tilembe zonse, kuti linki ikafa munthu athe kufufuzabe." Akabweretsa linki ya pa Facebook kapena uthenga wa pa WhatsApp, ndimawapempha apeze gwero lenileni, apo ayi tiuchotse.

Wayback Machine nayo si ya muyaya, ndipo masamba ena saalola kujambulidwa. N'chifukwa chake tsamba lililonse ndimalisunganso ngati PDF pa fulashi, nkupereka kwa mwini buku pamodzi ndi risiti yake. Wina akadzamufunsa patapita zaka kuti mawu aja adawatenga kuti, adzakhala ndi choonetsa.