Tsiku limene ndinataya mabotolo a mnzanga

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, pepani ndakhala chete kwa nthawi. Kuchonga mayeso a Fomu 4 kunandipanikiza. Lero ndikufuna ndiulule cholakwa changa chimene chinatsala pang'ono kupha mnzanga.

Mnzangayu ankaphunzitsa masamu, ine Chichewa. Dzina lake ndilisunga. Pa bolodi anali katswiri, koma kachasu anamugwira. M'mawa manja ankanjenjemera moti choko chinkamupulumuka, mpaka atakamwako pang'ono kuseri kwa makalasi. Ahedi atamuchenjeza kachiwiri, ndinati mnzake weniweni ndine, ndichitepo kanthu. Loweruka lina m'mawa ndinapita kwawo, ndinakhuthula mabotolo onse, n'kumuuza kuti mwamuna akafuna kusiya amasiya lero lomwe. Alamu anandithokoza misozi ili m'maso. Ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati mpulumutsi.

Lamlungu usiku anagwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Atatsitsimuka tinati zadutsa. Lolemba usiku alamu anagogoda pakhomo panga. Ndinamupeza thukuta lili kamukamu, akukuwa kuti pakhoma pakuyenda njoka. Ine sanandizindikire. Achibale ena anati walodzedwa chifukwa cha nsanje ya kuntchito, ena anati ndi malungo aakulu.

Kuchipatala anamuyeza malungo, sanapezeke. Amene anatilandira anati munthuyu wachita misala, tikonzeke zopita ku Zomba. Tili pabenchi chomwecho, kunatulukira clinical officer wachinyamata. Anali mwana wanga wa m'kalasi, amene ndinkamukalipira chifukwa cha zimangirizo zosalongosoka. Anandipatsa moni mwaulemu, anamuyang'ana wodwalayo, kenaka anafunsa funso limene panalibe anafunsa.

"Aphunzitsi, bambowa amamwa? Anamwa komaliza liti?"

"Loweruka," ndinayankha monyadira. "Ndinawasiyitsa ndine."

Anatsitsa mawu. "Aphunzitsi, cholinga chinali chabwino. Koma mukanawataya."

Atamuthandiza wodwalayo, anandifotokozera. Mowa umafooketsa ubongo. Munthu akamamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, ubongo umazolowera kugwira ntchito mwamphamvu kuti ulimbane nawo. Mowawo ukachotsedwa mwadzidzidzi, ubongo umathamanga ngati njinga yoduka mabuleki pamtsetse. Kunjenjemera kumayamba patangopita maola ochepa, kukomoka kumabwera tsiku loyamba kapena lachiwiri, ndipo pakati pa maola 48 ndi 72 ena amasokonezeka mutu n'kumaona zinthu zomwe palibe. Madokotala amati delirium tremens, ndipo amapha ngati munthu sathandizidwa. Mnzangayu anamuyeza shuga, anamuika diripu, anamubaya vitamini B1 woteteza ubongo, ndi kumupatsa diazepam amene ankamuchepetsa pang'onopang'ono. Pofika Lachisanu anandizindikira, n'kufunsa ngati ana a Fomu 2 alemba ntchito imene anawasiyira.

Ndinamufunsa mnyamatayo kuti funso lija analitenga kuti. Anati anachita maphunziro apadera a mhGAP, ndondomeko imene bungwe la WHO linakhazikitsa mu 2008, ndipo buku lake lotsogolera linatuluka mu 2010. Cholinga chake n'chakuti anamwino ndi ma clinical officer, amene si akatswiri a matenda a maganizo, azitha kuzindikira ndi kuthandiza mavuto a mowa ndi mankhwala ozunguza bongo pachipatala chapafupi. Anandionetsanso pepala la mafunso 10 lotchedwa AUDIT, loyezera ngati kamwedwe ka munthu kafika poopsa. Koma anati chovuta kwambiri kuphunzira sichinali mankhwala ayi. Chinali kufunsa mopanda kunyoza, chifukwa munthu ukamutchula chidakwa sabweranso.

Izi zandiganizitsa kwambiri. Chipatala cha anthu odwala maganizo cha Zomba chilipo, a St John of God ku Mzuzu amathandiza odwala ndi kuphunzitsa ogwira ntchito, koma munthu wakumudzi safika kumeneko poyamba. Amafika pachipatala chaching'ono, atavulala pangozi, kapena BP itakwera, kapena atadumphitsa ma ARV. Ngati womulandirayo sanaphunzitsidwe kufunsa za mowa kapena chamba, amamanga chilonda n'kumubweza, gwero lake lili pomwepo. Usiku ujanso panali anthu awiri ovala zoyera m'chipatala chimodzi. Kusiyana kwawo kunali maphunziro basi.

Sindikunamizani kuti mnzangayu anasiyiratu tsiku lomwelo. Anabwererako kawiri. Ulendo uliwonse mnyamata uja ankamulandira osamukalipira, ankati kugwa ndi mbali ya matendawa, tiyambirenso. Panopa akuphunzitsabe masamu, ndipo choko sichimupulumukanso.

Kwa inu ana anga amene muli m'zipatala, mwayi wa maphunziro otere ukapezeka musausiyire ena poganiza kuti ndi nkhani ya ku Zomba. Kwa anzanga aphunzitsi, mukudziwa kuti m'masitafu rumu athu muli wina amene manja amanjenjemera m'mawa. Musachite zimene ndinachita ine. Musamutayire mabotolo. Muperekezeni kuchipatala, ndipo akafunsa, nenani zoona za kuchuluka kwa mowa umene amamwa.

Mnyamata uja ndinamupatsa 48 pa chimangirizo chake chomaliza. Tikakumana amandikumbutsabe, ndipo ine ndimangoseka mwamanyazi.